Sipageti ndi nyama ya ng'ombe pa mphindi 40, kwa ife oweruka mochedwa

Anzanga a ku ofesi, azimayi a kumpingo, ngakhale azilamu anga amandifunsa funso limodzimodzi: "Kodi mumatani kuti muweruke 5 koloko m'tauni, mukwere kabaza mpaka ku Chibavi kuno ku Mzuzu, koma pofika 7 koloko ana adya kale sipageti ya nyama?" Yankho la poyimirira limasiya zofunika, ndipo wofunsayo amabweranso sabata yotsatira kudzadandaula kuti nyama inalimba. Ndiye ndalemba pano kuti tithane nazo.

Sipageti sivuta, mwana wa Sitandade 6 akhoza kuiphika. Chovuta ndi nyama. Maphikidwe ambiri amene mumawaona pa intaneti analembedwa ndi anthu amene ng'ombe zawo zimanenepetsedwa m'khola, zimaphedwa zikadali zanthete, ndipo nyama yake imakhala masiku angapo m'chipinda chozizira kuti ifewe isanagulitsidwe. Yathu ndi ng'ombe ya linunda ya ku Mzimba, yoyenda mtunda tsiku lililonse kusaka msipu, mwina inakokapo ngolo, ndipo yaphedwa m'mawa womwewo. Kukoma ndiye imakoma kwambiri, koma mukaidula mabwampini n'kuikazinga mphindi 5 monga akunenera iwowo, nsagwada zitopa chakudya chisanathe. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya malangizowa ili pa nyama.

Zofunika, za anthu 4 kapena 5:

- paketi imodzi ya sipageti kapena makaroni, ya magalamu 500
- hafu kilo ya nyama ya ng'ombe, mnofu wokhawokha kapena minsi (nyama yogaya)
- anyezi awiri
- tomato wakupsa bwino, 5 kapena 6
- adyo, tizidutswa 3 kapena 4
- kachitini kapena kapaketi ka tomato paste
- mafuta ophikira, masupuni aakulu 4
- mchere ndi curry pang'ono
- makaroti awiri, gilini pepa mmodzi ndi kambuzi, ngati alipo

Azungu amawerengera magalamu 80 mpaka 100 a sipageti pa munthu mmodzi. Mimba zozolowera mitanda ya nsima siziwerengera choncho. Ngati m'nyumba muli anyamata awiri a ku sekondale, paketi imodzi ndi ya anthu atatu basi.

1. Gulani nyama yoyenera

Mukafika pa butchala n'kungoti "ndipatseni hafu kilo", adzakupatsani yosakaniza: mafupa, mafuta, mitsempha ndi mnofu pang'ono, yodulidwa ndi chikwanje. Imeneyo ndi ya ndiwo za tsiku lopuma. Kwa lero nenani momveka bwino: "Achimwene, hafu kilo ya mnofu wokhawokha, wa pantchafu. Musandiduliredulire ayi, ndipatseni nthuli imodzi yaikulu." M'mabutchala ambiri mnofu umenewu amautcha siteki, ndipo mtengo wake umakwererapo kuposa yosakaniza, koma zonse zimene mwalipira mudya, palibe zotayira galu. Mukapeza fileti, kamnofu kakatali ka mkati motsatana ndi msana, tengani musazengereze, chifukwa pa ng'ombe yonse palibe pofewa kuposa pamenepo. Kamatha m'mawa. Chidale, nthiti ndi nyama ya kumiyendo zisiyeni, ndizikamba kumapeto.

Chifukwa chokanira kudulilidwa n'choti butchala amadula timabokosi tonenepa, ndipo nyama yathu ikakhala yonenepa chonchi imafuna ola lathunthu kapena kuposa pamoto kuti ifewe. Mpeni wanu ndi umene ufupikitse nthawi imeneyo.

Minsi, nyama yogaya ija, ndiyo njira yachidule kuposa zonse chifukwa makina atafuna kale mmalo mwanu. Ngati butchalayo ali ndi makina, sankhani nokha nthuli, agaye inu mukuona. Minsi yogayiratu yokhala pambale kuyambira m'mawa simudziwa kuti muli chiyani. Komanso minsi imawonongeka msanga kuposa nthuli yathunthu, pakuti pogaya tizilombo ta pamwamba pa nyama timafalikira monsemo. Iphikeni tsiku lomwelo, kapena mawa lake ngati yagona m'filiji. Kugula masana n'kuisunga m'chikwama pansi pa desiki mpaka madzulo n'kudziputira matenda, makamaka mu Okutobala ndi Novembala kukatentha. Khalani ndi butchala wanu mmodzi. Mukakhala kasitomala wodziwika amakupatulirani mnofu wabwino m'mawa n'kukusungirani m'filiji mpaka mutaweruka.

2. Mukangolowa m'nyumba, yatsani moto

Musakhale pansi. Mukangokhala pa sofa foni ili m'manja, mudzadzidzimuka 8 koloko yakwana. Ikani chikwama, sambani m'manja, kolezani mbaula kapena yatsani sitovu, ndipo tereka madzi a sipageti nthawi yomweyo m'poto wamkulu amene muli naye, malita 4, wovundikira. Madzi ochuluka chonchi amachedwa kuwira, choncho azikatentha inu mukuduladula. Ngati magetsi alipo, wiritsani m'ketulo n'kumathira m'poto, mupulumutsa mphindi zambiri ndithu.

Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira kwabasi, ndipo chiyeso chimakhalapo cholowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mawindo. Musatero. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka komanso wosanunkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Phikirani pakhonde kapena pamene mphepo ikudutsa.

3. Duladulani nyama mopyapyala ndi mopingasa

Ngati mwagula minsi, dumphani mupite pa 4.

Ikani nthuli ija pathabwa muiyang'anitsitse. Muona timizere toyenda mbali imodzi, ndiwo ulusi wa mnofu. Mnofu uli ngati nzimbe: mukaing'amba motalika mumatafuna ulusi wautali wosatha, koma mukaidula mopingasa timagawo tating'ono mano savutika. Choncho mpeni wanu udutse mopingasa timizere timeneto, osati motsatana nato. Kachidutswa kalikonse kakhale kopyapyala, mamilimita 3 kapena 4, kutalika kwake ngati theka la chala. Zoyera zolimba zija za pamwamba, zonyezimira, zisendeni muzichotse, chifukwa zimenezo pamoto waufupi zimangokhwinyata n'kukoka nyama yonse. Mpeni ukhale wakuthwa. Ngati nyama ikuterera ndi kuthawa mpeni, iikeni mu freezer mphindi 15 iumeko pang'ono, idulika bwino.

Nthawi zina ngakhale mutadula bwino mumamva m'manja kuti ng'ombeyi inali nkhalamba: mnofu wakuda mofiirira, wolimba pokanikiza. Pamenepo tengani soda, yemwe uja timathira m'therere ndi m'chigwada. Theka la supuni yaing'ono, yosadzaza, pa hafu kilo ya nyama. Msungunuleni m'masupuni awiri a madzi, pakani nyama yonse, isiyeni mphindi 15, kenako itsukeni bwinobwino. Soda amasintha asidi wa pamwamba pa nyama kotero kuti ulusi wake sumangana kwambiri ukakumana ndi moto. Musachulutse poganiza kuti ifewa koposa, nyama idzamveka sopo mkamwa ndipo palibe msuzi umene ungabise zimenezo. Amene muli ndi mtengo wa papaya kuseri, papaya wamuwisi wopala masupuni awiri amagwira ntchito yomweyo pa mphindi 20 mpaka 30, chifukwa utomoni wake umadula mnofu. Mukamusiya nthawi yaitali nyama imasanduka yonyenyeka, yosasangalatsa kudya.

Mphindi 15 zodikira sodazo ndi zimene mumadulira anyezi, adyo, makaroti ndi gilini pepa.

4. Kazingani nyama, musaiwiritse

Apa ndi pamene ambiri zimawasokonekera, ndipo si chifukwa cha ulesi ayi, ndi chizolowezi. Tonse tinaphunzira kwa amayi athu kuphika nyama motere: kuitsuka, kuiika m'poto ndi mchere ndi timadzi, kuisiya iwire mpaka madzi aphwe, kenako kuthira mafuta n'kukazinga. Njira imeneyo ndi yabwino pa nyama ya mafupa pamene muli ndi maola awiri. Pa nyama yopyapyala kapena minsi imakupatsani tinthu totuwa, touma, tolimba, ndipo kukoma konse kwapita ndi nthunzi.

Chimene tikufuna ndi nyama yofiirira pamwamba, ya fungo lija limakukokani mukamadutsa pa kanyenya madzulo. Kufiirira kumeneko kumayamba poto akatentha kufika madigiri 140 kapena kuposa. Madzi safika pamenepo. M'mphepete mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 100, ndipo kuno ku Mzuzu, pamene tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, amawira cha pa madigiri 96. Malinga ngati m'poto muli madzi, kutentha kumaima pomwepo, nyama imangowira basi ngakhale moto ukhale waukulu bwanji. Ntchito yanu yonse pa sitepe ino ndi kuonetsetsa kuti madzi asakhale m'potomo.

Yambani ndi kuumitsa nyama. Ndikudziwa kuti nyama ya pamsika sitingaiphike osaitsuka, imabwera ndi tizidutswa ta mafupa ndi ta chipika chodulirapo. Itsukeni musanaidule, m'beseni, madzi ake asathovukire pa mbale ndi pa tomato, kenako ipukuteni ndi kansalu koyera mpaka iume. Kansaluko kachapeni ndi madzi otentha mukatha. Minsi satsuka.

Tengani poto wa pansi pokhuthala komanso potambalala, kapena chiwaya ngati muli nacho. Muikeni pamoto waukulu wopanda kanthu mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako thirani masupuni awiri a mafuta. Dikirani mpaka mafuta ayambe kuyenda mopepuka mukapendeketsa poto. Ponyamoni kachidutswa kamodzi. Kakalira mwamphamvu nthawi yomweyo, mafuta akonzeka. Kakangokhala chete, dikiranibe.

Tsopano ikani theka lokha la nyama, ndipo yalani kuti chidutswa chilichonse chikhudze pansi pa poto, zisasanjikizane. Ndikudziwa kuti mukufulumira ndipo mtima ukufuna kukhuthulira yonse kamodzi. Mukatero poto amazizira mwadzidzidzi, nyama imatulutsa madzi ake onse, ndipo mudzataya mphindi 10 kudikira kuti aphwe pamene nyamayo ikulimba. Maulendo awiri a mphindi zitatuzitatu amafulumira kuposa ulendo umodzi wodzaza.

Mukayala, chotsani dzanja. Musatakase. Mthiko uikeni pambali mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri. Poyamba nyama imamatirira pansi, ndipo mukaikakamiza imang'ambika, koma ikafiirira imadzimasula yokha. Nyamulani kachidutswa kamodzi muone kunsi kwake. Kakafiirira, tembenuzani zonse, thirani mchere pang'ono, zisiyeni mphindi ina imodzi, kenako tsanulirani m'mbale. Khutu lanu likuthandizeni: phokoso lakuthwa la mafuta ndiye kuti ikukazingika, phokoso la kubwata ndiye kuti madzi atuluka. Zikatero musavundikire. Kankhirani nyama mbali imodzi, kuzani moto, madzi aphwe msanga. Thirani mafuta pang'ono, dikirani atenthenso, kenako kazingani theka lotsalalo.

Minsi nayo chimodzimodzi. Iikeni ngati chikondamoyo chophwatalala, isiyeni ifiire kunsi mphindi zitatu musanayambe kuiphwanya ndi mthiko. Mukaiphwanya msanga imatuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti minsi iyenera kupsa monse, pasatsale pofiira ngakhale pang'ono, koma zimenezo zidzamalizika mu msuzi. Ikakhala ya mafuta ambiri, tsanulaniko ena, musiye okwanira kukazingira anyezi.

Pansi pa poto patsala zomatirira zofiirira. Musatsuke poto, musasinthe poto. Kukoma kwa msuzi wanu kuli pamenepo. Zikakhala zakuda bii ndi fungo lopserera, pamenepo pokha tsukani, chifukwa zidzawawitsa zonse.

5. Msuzi

Chepetsani moto. Pambaula, ikani timiyala titatu kapena zitsulo pansi pa poto kuti akwereko pang'ono, kapena chotsaniko makala ena. Ikani anyezi m'poto yemweyo ndi kamchere, takasani mukupala zomatirira zija. Madzi a anyezi azisungunula. Pakatha mphindi 4 kapena 5 anyezi akafewa, ikani makaroti ndi adyo. Adyo amapserera msanga ndipo akapserera amawawa, theka la mphindi lamukwanira. Thirani curry, supuni yaing'ono imodzi, kenako tomato paste, ndipo mukazingeni mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka mtundu wake uderepo. Ambiri amangomusungunula m'madzi, n'chifukwa chake msuzi wawo umamveka chitini.

Tomato musamudule zidutswa, achedwa kuphwetseka. Mudulani pakati, mupaleni pa gireta mbali ya mabowo aakulu, khungu lidzatsala m'manja mwanu. Thirani m'poto, kuzaninso moto pang'ono, ndipo msiyeni abwate osavundikira mpaka mafuta ayambe kuyandama pamwamba. Pamenepo ndiye kuti wapsa. Tomato wa nyengo yadzuwa, ngati uja amabwera kuchokera ku Jenda wofiira mpaka mkati, amatenga mphindi 8 zokha. Wa nthawi ya mvula amakhala wamadzi ndi wowawasa, amafuna nthawi yotalikirapo komanso kashuga ka pansonga ya supuni.

Ngati ndi minsi, ibwezereni m'poto tomato akangoyamba kubwata, iphikire limodzi mphindi 10 mpaka 15. Ngati ndi nyama yopyapyala ija, idikire. Idzalowa mphindi zitatu zomaliza pamodzi ndi gilini pepa ndi timadzi tonse tatsikira m'mbale. Mukaibwezera msanga mufafaniza ntchito yonse munagwira pa 3 ndi 4.

Wina anandiuza kuti zimenezi si bolognese weniweni. Ndi zoona, ndipo sindinanene kuti ndi ameneyo. Msuzi wa ku Bologna, ku Italy, amauphika pamoto wochepa maola awiri kapena kuposa, ndipo eni akewo amadyera pasta yophwatalala yotchedwa tagliatelle, osati sipageti. Lachiwiri madzulo, ana ali ndi homuweki, ine maola awiriwo ndilibe.

Mukathira timabokosi tokometsera tija, kumbukirani kuti muli mchere wambiri, choncho lawani musanawonjezere wina. Kambuzi ndi bwino kumuika patebulo aliyense adzithirire yekha, ana asavutike.

6. Phikani sipageti

Pofika pano madzi aja akuwira. Ayenera kuwira mogaduka, osati kungotulutsa tithovu pansi. Thirani mchere supuni yaikulu imodzi yodzaza. Musaope, wambiri utsala m'madzi, ndipo sipageti yophikidwa popanda mchere imakhala yozizira mkamwa ngakhale msuzi ukome bwanji.

Ikani sipageti, ikankhireni pansi pamene ikufewa, ndipo takasani bwino m'mphindi ziwiri zoyambirira, chifukwa ndi pamene imamatana. Kuithyola pakati si mlandu, poto akakhala wamng'ono thyolani, ndipo ana amadya bwino yaifupi. Mafuta m'madzi musathire, amangoyandama pamwamba osathandiza kanthu, ndipo mafuta masiku ano si otaya.

Papaketi amalemba nthawi, kawirikawiri pakati pa mphindi 8 ndi 12. Chifukwa madzi athu amawira asanatenthe kufika pa 100, nthawi zambiri kuno mumawonjezera mphindi imodzi kapena ziwiri. Komabe musadalire wotchi. Ikatsala mphindi ziwiri, vuulani kamodzi mulume. Mkati mukakhala kadontho koyera kolimba, sinapse. Ikakhala yofewa koma ikukanabe dzino pang'ono, ichotseni nthawi yomweyo, imaliza kupsa mu msuzi. Yang'ananinso papaketi pogula: yolembedwa kuti durum wheat imapirira pamoto, pamene yotchipa ya ufa wa tirigu wamba imachoka pa kulimba kufika pa kuphwetseka m'kamphindi kochepa, ndiye imeneyo musaichokere.

Musanakhetse madzi, tungani kapu imodzi muike pambali. Khetsani ndi sefa, kapena ndi chivundikiro mutagwira ndi nsalu. Musaitsuke ndi madzi ozizira. Ambiri amatero poopa kumatana, koma kutsukako kumachotsa sitachi ya pamwamba imene imagwira msuzi, ndipo chakudya chimazizira.

7. Phatikizani pamoto

Kuika sipageti yoyera m'mbale n'kuthira msuzi pamwamba, monga timachitira ndi mpunga, ndiko kumachititsa kuti pansi pa mbale pakhale madzi ndipo pamwamba pakhale pouma. Bwezerani sipageti m'poto wamkulu uja, khuthulirani msuzi wonse ndi nyama, thirani theka la kapu ya madzi munasunga aja, ikani pamoto ndipo tembenuzani ndi mafoloko awiri mphindi imodzi kapena ziwiri. Sitachi ya m'madzimo imalimbitsa msuzi n'kuumatiza pa kachingwe kalikonse. Zikaoneka zouma wonjezerani madzi otsalawo. Lawani mchere. Pakulani nthawi yomweyo, chakudyachi sichidikira munthu amene akusamba.

Ngati muli ndi mpiru kapena repu, duladulani mopyapyala mwaponyemo pa sitepe ino. Kutentha kwa m'poto kumakwanira, ndipo ana amene amakana masamba pa nsima apa amadya osazindikira.

8. Mbaula ikakhala imodzi

Zonsezi ndalemba ngati muli ndi moto uwiri. Magetsi akazima, kapena gasi akatha pakati pa mwezi, mumatsala ndi mbaula imodzi, ndipo kudikira malita 4 kuti awire n'kutha makala. Pamenepo gwiritsani ntchito makaroni ndipo phikani zonse m'poto mmodzi.

Chitani 3, 4 ndi 5 monga mwa nthawi zonse, makala akadali aukali. Msuzi ukapsa, thirani madzi lita imodzi m'potomo, adikireni awire, kenako khuthulirani makaroni osaphika. Madzi angophimba makaroniwo pang'ono. Vundikirani mosatseka kwenikweni, ndipo takasani mpaka pansi pa mphindi ziwiri zilizonse, chifukwa njira imeneyi imapserera msanga. Madzi akaphwa makaroni asanapse, wonjezerani theka la kapu, ofunda ngati alipo mu flask. Pakatha mphindi 12 mpaka 15 makaroni amakhala atamwa msuzi ndipo wotsalawo walimba. Nyama yopyapyala ilowe kumapeto monga kale. Sipageti nayo imatheka motere mukaithyola katatu, koma imakonda kumatana mitolomitolo, choncho ine pa poto mmodzi ndimasankha makaroni. Zotsuka zimachepanso, zimene m'nyumba yopanda wantchito si nkhani yaing'ono.

9. Ndalama zikachepa, kapena nyama ikakhala ya mafupa

Kumapeto kwa mwezi hafu kilo ya siteki imakhala loto. Gulani kota, muwonjezere soya pisi. Zinyikeni m'madzi otentha mphindi 10, zifinyeni zolimba ndi manja mpaka madzi athe, ziduleni ting'onoting'ono, ndipo zikazingeni m'mafuta amene mwakazingira nyama kuti zitenge fungo lake. Zosafinya zimakhala zamadzimadzi ndipo aliyense patebulo amazizindikira.

Chidale, nthiti ndi nyama ya kumiyendo zija ndinati muzisiye ndi zotchipirapo ndipo msuzi wake ndi wokoma kuposa wa siteki, kungoti zimafuna nthawi. Lamulungu mukachokera kutchalitchi, tereka kilo imodzi kapena awiri ndi anyezi mmodzi ndi mchere, ziwire pang'onopang'ono maola awiri inu mukuchapa mayunifolomu. Mitsempha imene pamoto waufupi imalimba, pamoto wautali imasungunuka n'kulimbitsa msuzi. Nyama ikayamba kuchoka yokha pafupa, inyotsoleni, igaweni m'makontena ndi msuzi wake. M'filiji imakhala masiku 3 kapena 4, yoti mudzadye Lachinayi kapena Lachisanu iikeni mu freezer. Tsiku lophika mumayambira pa 5, ndipo msuzi wa nyamawo umalowa mmalo mwa madzi. Chakudya chimafika patebulo pa mphindi 25.

Magetsi akazima musamatsegule filiji pafupipafupi. Yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, ndipo freezer yodzaza imapirira mpaka masiku awiri. Nyama ikasungunuka n'kufunda, kapena ikayamba kuterera ndi kununkha mwachilendo, musailawe pofuna kutsimikiza, itayeni.

10. Zotsala

Zotsala zilowe m'filiji pasanathe maola awiri, musazisiye m'poto pa sitovu mpaka m'mawa podalira kuzizira kwa Mzuzu. Pofunditsa thirani masupuni awiri kapena atatu a madzi, vundikirani, ndipo zitenthe mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni, osati m'mbali mokha. Funditsani zokwana kudya nthawi imeneyo basi, zina zikhale m'filiji momwemo. Ngati mukufuna kuti mwana atengere kusukulu, makaroni ndi amene amapirira usiku osaphwetseka, ndipo m'mawa muwafunditse kaye musanawaike m'kontena.